Amalume Amagona Pansi

Mayi Chigongono anaima pakhomo la chipinda chophunzirira, lula ili kukhwapa, n'kuyang'ana khoma ngati munthu amene wapeza nkhuku zitadetsa zovala zomwe wangoyanika kumene. Dzulo lomweli khomalo linali loyera. Lero panali zithunzi zisanu ndi chimodzi, zikuluzikulu, zonyezimira, chilichonse ndi nambala yake pakona. Pa choyamba munthu wagwa. Pa chachiwiri wina akumugwedeza mapewa. Pa chachitatu panali manja awiri osalala, opanda ngakhale kachipsera, atasanjikizana pachifuwa cha wakugwayo.

"Manja amenewo," anatero, osalankhula ndi munthu, "sanatsukepo ngakhale mbale."

Ophunzira anasekera m'makope. Dzina la Chigongono anawapatsa ndi ophunzira akalekale, ena a iwo pano ali ndi imvi. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu mayiwa akhala akuphunzitsa chinthu chimodzi pasukulu ya zachipatalayi, kutsitsimutsa munthu amene mtima wake waima, ndipo nyimbo yawo sinasinthe: "Wongola chigongono!" Lula ija sinali yojambulira mizere. Wina akapinda mkono pokanikiza chifuwa cha chidole, lula inkamukumbutsa.

Chidolecho chinali chigonere pasimenti pakati pa chipinda, chopanda miyendo, kukamwa kuli yasa. Aliyense ankachitchula kuti Amalume. Amalume anafa ndi kuukitsidwa kambirimbiri moti pachifuwa pawo panada ndi thukuta la anthu.

"Mwaziona, Mayi?" Mwini zithunzi analowa akupukuta magalasi ndi tayi. Anali dokotala wachinyamata, wongobwera kumene kuchokera kumaphunziro ndi nsapato zosongoka, ndipo ana sanachedwe kumupatsa lake: Wazithunzi. "Zafika dzulo. Mwana akaiwala angokweza maso, basi wakumbukira."

"Akweze maso kuti? Munthu akagwa pamsika, khoma lanuli adzakhala atalisenza pamutu?"

"Chithunzi chimatsala m'mutu, Mayi. Kafukufuku akusonyeza kuti..."

"Kafukufukuyo anathyolapo nthiti ya munthu? Anamvapo mmene imalirira pansi pa dzanja?" Anagogoda chithunzi chachitatu ndi lula. "Chikomekome cha mkuyu ichi, adokotala. Pitani nazoni kusaluni, akazikhome pafupi ndi galasi."

Kamnyamatako kanangomwetulira, ndipo kumwetulirako ndi kumene kunkawanyansa kwambiri. Munthu ukamunyoza azikwiya, udziwe kuti mwamvana. Koma aka, ukakathira mawu, kankati "zikomo, Mayi" ngati wakapatsa nthochi.

Mkulu wa sukulu, munthu woopa kukhumudwitsa aliyense, anali atagawa kalasi ya chaka chachiwiri pakati: theka kwa Mayi, theka kwa Wazithunzi. Lachisanu la sabata imeneyo komiti inali kudzakhala pansi, aliyense abweretse lipoti lake, ndipo chaka chamawa phunzirolo lidzakhala la mmodzi. Palibe amene ananena poyera kuti tsabola wakale sawawa, koma Mayi ankazimva m'mene anthu ankawapatsira moni masiku amenewo, moni wofewa ngati wopatsa wodwala.

Ana a Wazithunzi ankaphunzira atakhala pamipando. Ankaonera kanema pakhoma, kamunthu kojambula kakudumphadumpha pachifuwa cha kanzake motsatira kanyimbo, iwo n'kumagwedeza mitu ngati akwaya. Akatopa ndi kuonera ndiye ankatsikira kwa Amalume, foni ili pambali. Ana a Mayi ankayambira pasimenti n'kuthera pasimenti, mpaka mawondo kuchita mikwingwirima. Mayi ankawazungulira ndi lula. Akafuna kusonyeza kachitidwe kake ankaitana mtsikana wa pabenchi yoyamba, amene anzake ankamutcha Kalembera chifukwa liwu lililonse lotuluka pakamwa pa Mayi ankalilemba m'kope lake lachikuto chobiriwira, ngakhale zotukwana zomwe.

"Bwera kuno iwe, uwaonetse azinzakowa mmene munthu amagwirira ntchito."

Aliyense ankati n'kukondera chabe. Zoona zake n'zakuti panali patatha zaka ziwiri Mayi asanagwadepo pambali pa Amalume. Nyamakazi inali italowa m'manja mwawo. M'mawa zala zinkakana kupinda, mfundo zitatupa ngati nyemba zonyowetsedwa, moti mabatani a yunifolomu ankawamangira ndi mdzukulu wawo asanapite kusukulu. N'chifukwa chake lula inkakhalira kukhwapa. N'chifukwa chakenso anasiya kutenga ophunzira kupita nawo kumawodi monga ankachitira kale, kuopa kuti tsiku lina munthu adzakomoka iwo ali pomwepo, maso onse n'kutembenukira kwa iwo. Ankangoti kuwodi kuli phokoso, mwana sangamve kanthu. Zimenezi sanauze munthu, ndipo ankachita nazo mantha kuposa mmene ankadanira ndi zithunzi.

Lachitatu masana, m'chipinda chomwera tiyi, nkhani inalowa ndi mayi wosesa. Ku wodi ya abambo telala wina, amene anagonekedwa chifukwa cha kupweteka kwa pachifuwa, anangoti zii ali pabedi, mkazi wake akumusendera lalanje. Sisita anali atapita kukatenga mankhwala, namwino mnzake ataperekeza wodwala wina. M'wodi monse munali wophunzira mmodzi wa chaka chachiwiri. Anakuwa, anatuma mkaziyo kukaitana anthu, nayamba kukanikiza. Mtima unadzabwerera Sisita atafika, koma mochedwa. Telalayo anali m'chipinda cha odwala mwakayakaya, osatsegula maso.

"Akuti mwanayo panalakwika penapake," anatero wosesayo. "Kaya ndi pati, ine sindidziwa zanuzi."

Mayi anaika kapu pansi pang'onopang'ono, ndi manja onse awiri. Mumtima mwawo munabwera chinthu chimene sichiyenera kubwera munthu akamva zoterezi, koma chinabwera ndithu, ndipo chinali chokoma.

"Penapake? Palakwika pakhoma paja!" anatero mokweza kuti onse amve. "Ndinanena ine. Mwana wophunzira ndi maso, manja ake amakhala mbuli. Anali kufunafuna chithunzi padenga, munthu akupita."

Mawu a Mayi Chigongono sankayenda wapansi. Pofika nthawi yoweruka sukulu yonse inali itadziwa kuti mwana wa Wazithunzi wapweteketsa munthu. Iwo anakhala pa desiki, cholembera atachikulunga kansalu kuti chigwirike, n'kulemba lipoti la masamba atatu. Zala zinkawawa, koma sanapume. Mawu oti "zidole za pakhoma" anawalemba kawiri, n'kuwadula mzere kunsi.

Lachinayi m'mawa anaona kuti lipoti lopanda umboni ndi ndiwo yopanda mchere, ndiye kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri anadutsa khonde lalitali kupita ku wodi ya abambo. Sisita wa kumeneko anali wophunzira wawo wakale, mayi wojintcha amene pano ankazazira madokotala, koma atawaona anaimirira n'kubisa kapu ya tiyi kumbuyo kwa mafayilo.

"Takulandirani, Mayi. Mwatitaya."

"Zisiye zimenezo. Tandiuza, kanalakwitsa chiyani kamwanako? Manja kanaika pamimba?"

"Ayi, manja anali pamalo pake."

"Ndiye kanapinda mikono."

"Zigongono zowongoka bwinobwino, Mayi. Kuwerenga kwake kolondola, liwiro lake lomwelo. Ndinam'peza thukuta lili kamukamu. Koma tabwerani muone."

Anawatengera pa bedi la pakona, lomwe tsopano linali lopanda munthu. Sisita anaika chikhato pakati pa matiresi n'kukanikiza. Dzanja linamira mpaka m'mfundo. Atalichotsa, matiresi anafufuma n'kubwerera.

"Mphamvu zake zonse zimathera umu. Bambo aja amangomira ndi kutumphuka ngati mwana akusewera pabedi, chifuwa osatsika n'komwe. Thabwa lili apo kuseri kwa chitseko, masitepe asanu. Sanalidziwe. Ndinabwera ine n'kulilowetsa kumsana, koma panali patapita mphindi zambiri."

"Thabwa!" Mayi anaseka kaphwete. "Ngakhale wosesa amalidziwa thabwa. Pazithunzi zake zija lilipo?"

"Kaya. Ine ndinaphunzira kwa inu, pa bedi lomweli. Mukukumbukira? Simunanene kanthu tsiku lija. Munangondikankha ndi phewa, n'kusolola thabwa, n'kulilowetsa. Kuyambira pamenepo sindinaiwale."

"Dzina lake ndani?"

Sisita anayang'ana kumbali. "Papepala ndangolemba kuti wophunzira wa chaka chachiwiri. Musiyeni mwanayo, Mayi. Zimene waona zamukwana."

Potuluka anadutsa benchi ya pakhomo la odwala mwakayakaya. Panali mayi wina wachitenje chofiirira, atafungatira jumbo momwe munali nsapato zachimuna ndi tepi yoyezera nsalu. Anawapatsa moni mwaulemu poona yunifolomu. Mayi anayankha osaima, maganizo ali pa ndime yatsopano imene akawonjezere mu lipoti.

Inali nthawi ya nkhomaliro, ndiye ankayembekezera kupeza chipinda chophunzirira chili chokhachokha. Koma ali panja anamva chifuwa cha Amalume chikulira, kwii, kwii, kwii. Atatsegula anapeza Kalembera atagwada pasimenti, akukanikiza, kope lobiriwira lili pambali. Maso ake anali otupa.

"Ndiwe wekha uli ndi nzeru pasukulu pano," anatero Mayi. "Anzako ali kudya. Wamva zimene achita ana a kanema?"

Mtsikanayo anasiya kukanikiza, koma manja sanawachotse pachifuwa cha chidole.

"Ndinali ine, Mayi."

Mayi anamva lula ikuterereka kukhwapa. Anaipanikiza.

"Ukuti chiyani?"

"Ndinali ine kuwodi kuja. Ndinachita zonse mmene mumanenera. Ndinawongola zigongono, ndinawerenga mokweza, sindinapume." Anatola kope n'kuyamba kutembenuza masamba mofulumira. "Ndawerenga lonse katatu kuyambira dzulo. Ndimati mwina ndinajomba tsiku limene munanena za thabwa, koma sindinajombepo. Ndafunsa kwa anzanga, ndabwereka makope awo. Mulibe, Mayi. Mwina ndinalumpha ndine. Tandionetsani pamene ndinalumpha."

Anawapatsira kopelo ndi manja awiri. Sikunali kuwatsutsa ayi, ndipo zikanakhala bwino kukanakhala kuwatsutsa. Mwanayo ankafunadi kuti amuonetse tsamba.

Mawu anali atafika kale pamilomo, okonzeka ngati masiku onse: chitsiru iwe, zina umafunika kuziganiza wekha, kodi ndikutafunire chilichonse? Koma maso awo anagwera pa Amalume. Amalume amagona pansi. Zaka makumi awiri ndi zisanu agona pasimenti yolimba, pamene thabwa silifunika, ndiye m'chipinda chino liwu loti thabwa linali lisanatulukepo pakamwa pa munthu. Thabwa linkaphunzitsidwa kuwodi, ndi manja, popanda mawu. Ndipo kuwodi anasiya kupitako ndi iwo.

"Tseka kopelo," anatero. "Pita ukadye."

"Andichotsa sukulu, Mayi?"

"Ndati pita ukadye."

Lachisanu komiti inakhala m'chipinda cha mkulu wa sukulu, anthu asanu kuzungulira tebulo lokhala ndi nsalu yobiriwira ndi mabotolo a madzi omwe palibe ankatsegula. Mayi anawayang'ana mmodzimmodzi. Uyu anamaliza liti kugwira wodwala? Uyo, ndi mimba yakeyo, atagwada angadzukenso? Lipoti lawo linali m'chikwama, masamba atatu ndi theka. Dzina la mwana silinali papepala lililonse. Sisita sakananena, Kalembera sakanayerekeza. Chimene chinkafunika n'kungotulutsa lipotilo, kuliika patebulo, n'kukhala chete. Phunziro likanakhala lawo mpaka tsiku lopuma ntchito.

"Tisanayambe," anatero mkulu wa sukulu akusisita manja, "pali kankhani ka Lachitatu kaja. Dzina la mwana sitikulifuna. Tikufuna tidziwe kuti ndi njira iti imene yatigwiritsa fuwa lamoto. Adokotala, tikumva kuti ndi wa gulu lanu?"

Wazithunzi anaimirira. Lero tayi inali yokhota.

"Ndafunsa ana anga onse, bwana, palibe wavomera. Koma mwana wamantha savomera. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndayang'ana zithunzi zanga zonse, ndi kanema yemwe, thabwa mulibe. Munthu wa pachithunzi wagona pansi. Sindinaganizeko za bedi. Ngati ndi wanga, mlanduwo ndi wanga, mwanayo musamuvute."

Mayi anamuyang'ana ndi mkwiyo weniweni. Taonani kopusako! Kakusenza mtolo wa eni ake, kosafunsa n'komwe kuti muli chiyani. Munthu wotani wosadziwa kudziteteza? Ankafuna kakanakana, kakanaloza chala wina, kuti iwo apeze pogwira. Koma kanangoima pamenepo ndi nsapato zake zosongoka, kakudikira chikwanje.

"Mayi, lipoti lanu," anatero mkulu wa sukulu.

Analowetsa dzanja m'chikwama. Zala zinakhudza mapepala, n'kulephera kuwatsina bwino, monga zinkachitira m'mawa uliwonse. Anayesanso. Kenaka anatulutsa dzanjalo lopanda kanthu, n'kuchotsa lula kukhwapa, n'kuigoneka patebulo. Pambali pake anaikapo manja onse awiri, zikhato pansi, pansalu yobiriwira pamene aliyense akanatha kuona mfundo zotupa ndi zala zopotokera kumbali.

"Khalani pansi, adokotala, musatichititse manyazi. Kuvomera milandu ya eni ake si ulemu, ndi ulesi wofufuza. Mwanayo ndi wanga."

Maso onse anatembenukira kwa iwo.

"Ndi wanga, ndipo ndi woposa onse amene ndaphunzitsa zaka khumi zapitazi. Anachita chilichonse chimene ndinamuuza. Chimene sindinamuuze sanachite. Thabwa ndinkaphunzitsa ndi manja awa, kuwodi. Manjawa anafa zaka ziwiri zapitazo, ine n'kubisa malirowo. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma izi ndadya ndine, zapota mwana ndi bambo uja ali apoyo."

Mkulu wa sukulu anatsegula botolo la madzi, n'kulitsekanso osamwa. "Pepani kwambiri, Mayi. Sitinadziwe. Ndiye kunena kwake... chaka chamawa..."

"Musazungulire ngati galu wofuna pogona, bwana. M'patseni. Koma zithunzi zakezo n'zoperewera, ndipo ndisanachoke azikonza ine ndikuona."

Masana omwewo anthu a m'khonde anaona zachilendo: Wazithunzi atanyamula Amalume kumsana ngati mwana wodwala, Kalembera akutsatira, Mayi Chigongono ali patsogolo. Anawagoneka Amalume pa bedi la pakona. Kalembera atakanikiza, Amalume anamira m'matiresi, osalira n'komwe kwii wawo uja.

"Mwaona?" anatero Mayi kwa Wazithunzi. "Tulutsani kafoni kanuko."

Mayi anapita okha kuseri kwa chitseko. Thabwalo linali lolemera kuposa mmene ankalikumbukirira. Analikumbatira ndi mikono chifukwa zala zinakana, n'kufika nalo pabedi akupumira m'mwamba. Kalembera anatembenuza Amalume chammbali, iwo n'kuyamba kulikankhira kumsana ndi zikhato.

Wazithunzi anatsitsa foni. "Mayi, mwina agwire mtsikanayu, inu mungolangiza. Manja anuwo akupweteka."

"Mukufuna osalala ngati aja? Jambulani omwewa. Nkhope yanga isaoneke, sindili pa ukwati."

Telala uja anamwalira Lamlungu masana, osatsegulanso maso. Lolemba m'mawa Mayi podutsa pakhonde anapeza benchi ija ili yokha. Anaima pamenepo kanthawi, ngakhale panalibe woti amupatse moni.

M'chipinda chophunzirira magulu awiri aja anali ataphatikizidwa, ndipo Amalume anali pa bedi lakale limene anabwereka kuwodi. Pakhoma, pakati pa chithunzi chachiwiri ndi chachitatu, panali china chatsopano, chosindikizidwa pa pepala wamba, chomatidwa ndi tepi, chopanda nambala. Sichinkanyezimira. Panali m'mphepete mwa matiresi, thabwa, ndi manja awiri okalamba, opotoka, akulikankha. Kalembera anali pabenchi yake yoyamba, kope lili chitsekere, akungoyang'ana chithunzicho.

Mayi anayandikira khoma, lula ili kukhwapa, n'kuchiyang'anitsitsa monga anayang'anira zinzake tsiku loyamba lija. Ophunzira anadikira kuti amve chimene chitatuluke.

"Manja amenewo," anatero, osalankhula ndi munthu, "achedwa ndi zaka ziwiri."